Boti lotakata pa ngalande ya Lancaster: ndigule kapena ndisiye?

NaBanda (Preston):
Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonse ino, ndipo ndikudziwa kuti muno muli ena amene akukhala pamadzi. Ine ndi bambo a kunyumba kuno lendi yatikwana. Chaka chilichonse ikukwera, malipiro ali pomwepo. Tapeza boti logulitsa pa ngalande ya Lancaster kuno ku England, chakufupi ndi Garstang. Ndi aja amati widebeam, mafiti 60 m'litali, mafiti 12 m'lifupi. Tinakalowamo Loweruka, ndipo kunena zoona mtima wanga unatsala komweko. Khitchini yake ndi yaikulu kuposa ya m'nyumba yomwe tikukhalayi, muli mbaula ya nkhuni, chipinda chogona n'choti bedi umaizungulira. Koma chinthu chimodzi chikundikayikitsa. Lakhala miyezi yambiri osagulidwa ndipo mtengo autsitsa kawiri. Pamene timatsazika, wogulitsayo anangoti botilo silituluka mu Lancaster, kenako n'kusintha nkhani. Kodi akutanthauza chiyani? Boti lili ndi injini, ngalande zili dziko lonse, lilephera bwanji kutuluka?

Achisale (Leicester):
Achemwali, wogulitsayo wakuuzani zoona, kungoti wazinena mothamanga. Ngalande ya Lancaster ili ngati mudzi wokhala ndi njira imodzi yolowera. Kuchokera ku Preston mpaka ku Tewitfield ndi mamailosi pafupifupi 41 opanda lock ngakhale imodzi. Ku Tewitfield ndiye pathera, chifukwa kumtunda kopita ku Kendal kunadulidwa pomwe ankamanga msewu wa M6. Kumunsi kuno, njira yolumikiza ngalandeyi ndi zinzake ndi Ribble Link, yomwe inatsegulidwa mu 2002, ndipo imalola boti losapitirira mafiti 10 ndi mainchesi 6 m'lifupi. Lanulo ndi mafiti 12. Silingadutse, ngakhale mutapempha bwanji. Linabwera pa lole n'kutsitsidwa ndi kireni, ndipo tsiku lomwe mudzafune kuchoka lidzachokanso pa lole.

Mayi a Chikondi:
Pepani ndifunse, lock ndi chiyani? Ine ndimangoona maboti ndikamadutsa pa mlatho popita kuntchito.

Achisale (Leicester):
Ndi kachipinda ka madzi kokhala ndi zitseko mbali zonse ziwiri, amayi. Boti limalowamo, mumatseka, n'kudzaza kapena kukhuthula madzi, ndiye boti limakwera kapena kutsika ngati pa masitepe. Nkhani yonse ya NaBanda yagona pa kukula kwa tizipinda timeneti. Ngalande zambiri za pakati pa England, kuzungulira Birmingham, zinamangidwa potsata muyezo wa James Brindley zaka za m'ma 1700, lock yake mafiti 7 okha m'lifupi. N'chifukwa chake boti lopapatiza, lomwe amati narrowboat, limakhala mafiti 6 ndi mainchesi 10 m'lifupi. Ngalande zina zinamangidwa ndi ma lock a mafiti 14, ndipo zimenezo ndi zomwe boti lotakata lingayendemo.

Jere wa ku Leeds:
Komabe si pali njira ya ku Glasson? Ndinapitako chaka chatha, ndinaona ma lock aakulu ndithu.

Achisale (Leicester):
Ilipo achimwene, ma lock 6 otakata bwino, kutsikira ku Glasson Dock. Koma kutsogolo kwake ndi mtsinje wa Lune ndi nyanja ya mchere ya Morecambe Bay. Boti la pansi pophwathalala ngati limeneli silinapangidwire mafunde. Munthu wokonda banja lake sangatulukire kumeneko.

Bambo a Tadala (Newbury):
NaBanda, ine ndikukhala m'boti lotakata, mafiti 57 kwa 10, chaka chachisanu tsopano, pa ngalande ya Kennet and Avon. Ndiye ndilankhula monga munthu amene ali momwemo, ndipo sindikuletsani ayi. Ine moyo umenewu ndimaukonda. M'mawa ndimamwa tiyi ndikuona abakha pazenera, mwana wanga wakulira momwemu, ndipo sindinamvepo chisoni kuti ndinasiya nyumba ya lendi.

Koma chomwe ndinachiphunzira mochedwa ndi chakuti pogula boti lotakata umagula zinthu ziwiri, boti ndi madzi omwe lakhalapo. Anthufe timayang'ana khitchini ndi bafa, mapu sitiwayang'ana. Ine ndili ndi mwayi chifukwa Kennet and Avon ndi mamailosi 87 kuchokera ku Reading mpaka ku Bristol, ndipo ku Reading ndimalowa mu Thames, kuchoka apo n'kutheka kupita ku Oxford kapena kutsikira ku London n'kukalowa mu Grand Union pa Brentford. Ndikasintha ntchito m'dera limeneli, nyumba yanga imanditsata. Inu pa Lancaster mudzakhala ndi Preston, Garstang, Lancaster, Carnforth, basi. Ngati mukudziwa kuti zaka khumi zikubwerazi ntchito yanu ndi ya bambo ili pakati pa matauni amenewa, palibe cholakwika, ndipo ndi ngalande yokongola kwambiri. Ndinawolokapo pa Lune Aqueduct, mlatho wa madzi uja anaulembera mapulani John Rennie n'kumalizidwa mu 1797, boti lili m'mwamba mtsinje uli pansi, ndipo sindidzaiwala. Koma ife obwerafe ntchito zimatisuntha. Funso loti mudzifunse usiku uno ndi limenelo.

NaBanda (Preston):
Apa ndiye mwakhudza pachilonda, bambo a Tadala. Ine ntchito yanga ya unamwino ili bwino kuno, koma bambo a kunyumba kontilakiti yawo itha chaka chamawa ndipo akuyang'ana cha ku Milton Keynes komwe kuli abale awo. Ndimaganiza kuti tikasamuka tidzangoliyendetsa pang'onopang'ono mpaka tikafike.

Achisale (Leicester):
Ngakhale likanakhala la mafiti 10 loti n'kudutsa pa Ribble Link, ku Milton Keynes simukanafika pamadzi. Ngalande zotakata za dziko lino zili m'magulu awiri osalumikizana. Kumpoto kuli Leeds and Liverpool, Rochdale, Bridgewater, Aire and Calder, mtsinje wa Trent ndi Soar mpaka kuno ku Leicester. Kumwera kuli Grand Union, Thames, Kennet and Avon, Regent's Canal, Lee ndi Stort. Pakati pake pali malo awiri opapatiza pa njira ya Leicester: ma lock 10 a ku Foxton ndi ma lock 7 a ku Watford, Watford ya ku Northamptonshire osati ya kufupi ndi London. Onsewa ndi a mafiti 7. Ine ndimadutsapo chifukwa langa ndi narrowboat. Kale mu 1900 anamanga chikepe chachikulu pa Foxton chokweza maboti otakata pa phiri, koma chinangogwira ntchito zaka pafupifupi khumi n'kutsekedwa, ndipo ma lock a ku Watford sanawakulitse. Lero pali nyumba yoonetsera zakale basi. Mtunda wake ndi waufupi, koma wagawa dziko pawiri.

Jere wa ku Leeds:
Ndipo kumpoto kuno kutalika nakonso kuli ndi nkhani yake. Pa Leeds and Liverpool, kuchokera ku Wigan mpaka ku Leeds, ma lock ndi mafiti 62 m'litali. Pa Calder and Hebble ndi afupi kuposa apo, mafiti 57 ndi theka. Ndiye boti la mafiti 70 lotakata, lomwe limaoneka ngati nyumba ya bwana pa zithunzi, kuno silipita patali.

NaPhiri:
Ine ndili ndi maganizo osiyana pang'ono, mundikhululukire. Tonse tikulankhula ngati NaBanda akufuna kuzungulira dziko. Iwo akufuna nyumba. Nyumba ya njerwa nayo siyenda. Ngati boti lakhazikika pa marina, malo aja olipira okochezapo maboti, magetsi alipo, madzi alipo, galimoto ili panja, zoti silingapite ku Birmingham zikuwakhudza bwanji? Munthu ukasamuka umagulitsa n'kugula kwina, ngati mmene timachitira ndi nyumba.

Bambo a Tadala (Newbury):
Mfundo yanu ndi yomveka, NaPhiri, ndipo alipo ambiri amene akukhala choncho mosangalala. Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi chomwe NaBanda achiona kale ndi maso awo: botilo lakhala miyezi osagulidwa. Boti likakhala pa madzi otsekeka, ogula ake ndi okhawo ofuna kukhala pomwepo, kapena olimba mtima kulipira kireni mbali ziwiri ndi lole ya katundu wotakata. Tsiku lomwe iwo adzafune kugulitsa adzakhala pa mpando womwe wakhalapo wogulitsa wa leroyu. Ndipo boti silikwera mtengo ngati nyumba, nthawi zambiri limatsika.

Chachiwiri ndi malo okochezawo. Marina ambiri ali ndi chilolezo cha maboti osangalalira kumapeto kwa sabata, osati okhalamo chaka chonse. Malo okhalamo mwalamulo amafuna chilolezo cha khonsolo, ndi ochepa, ndipo a boti lotakata ndi ochepa kwambiri chifukwa limadya malo a maboti awiri. Komanso malowo sagulitsidwa pamodzi ndi boti pokhapokha mwini marina avomereze. Ine pogula langa ndinkayesa kuti malo ndi anga. Patatha miyezi itatu ndinauzidwa kuti mgwirizano unali wa mwini wakale ndipo ndichoke. Nyengo yozizira imeneyo inali yowawa, mkazi wanga ali woyembekezera.

NaBanda (Preston):
Pepani kwambiri ndi zimenezo. Ndiye ngati marina atakana, sitingangomaima m'mbali mwa ngalande ngati mmene ndimaonera ena? Ndamva kuti pali laisensi ya oyenda osakhazikika.

Achisale (Leicester):
Ilipo, amati continuous cruiser, ndipo ine ndi yomwe ndili nayo. Imachokera mu lamulo la British Waterways Act la 1995. Lamulolo limati ngati ulibe malo ako okocheza, uyenera kukhala woyendadi ndi botilo, osakhala pamalo amodzi kupitirira masiku 14 pokhapokha pali chifukwa chomveka monga matenda kapena injini kuwonongeka. Lamulo silinatchule mtunda, ndipo mkangano wonse umayambira pamenepo. A Canal and River Trust, omwe anatenga ngalande kuchokera ku British Waterways mu 2012, amanena kuti munthu amene chaka chonse wazungulira m'dera losakwana mamailosi 20 n'kovuta kuti awakhutiritse. Ali ndi anthu oyenda m'mbali mwa ngalande kulemba nambala za maboti. Akaona kuti ukungopita apa n'kubwerera apo, amakupatsa laisensi ya miyezi 6 yokha, ukapitiriza amakana kukupatsa ina. Panali mlandu ku khoti la ku Bristol wa munthu yemwe ankangoyenda pakati pa Bath ndi Bradford-on-Avon, mamailosi pafupifupi 10, ndipo khoti linati kumeneko si kuyenda komwe lamulo likunena.

Pa Lancaster mamailosi 41 akukwana, simungaphwanye lamulo ngati mukuyendadi kuchokera kumunsi mpaka kumtunda. Koma taganizirani mwatuluka shifiti ya usiku ku Preston, boti lili ku Carnforth, galimoto munaisiya pa mlatho wina, mvula ikugwa, ndipo mawa ndi tsiku la 14. Madzi akumwa mukatunge pa mpopi wa Trust, chimbudzi mukakhuthule, gasi ndi dizilo mukasake. Zimatheka, ine ndikuchita, koma ndi ntchito ina pamwamba pa ntchito.

Mayi a Chikondi:
Nanga makalata amafikira kuti? Ife a ma visa adiresi ndi nkhani yaikulu, komanso ku banki ndi kusukulu ya ana.

Bambo a Tadala (Newbury):
Funso labwino amayi, ndipo kwa ife ndi lolemera kuposa kwa eni dziko. Wopanda malo okhazikika alibe adiresi. Ena amagwiritsa ntchito ya m'bale, ena amalipira makampani olandirira makalata. Ine sindinapume bwino mpaka nditapeza malo okhalamo mwalamulo, okhala ndi adiresi yake, komwe ndimalipira council tax, msonkho wa khonsolo, ngati wina aliyense. NaBanda, ngati mapepala anu sanakhazikike, chimenechi chikhale choyamba kuchikonza musanapereke ndalama iliyonse.

Jere wa ku Leeds:
Ndiwonjezere za kutsekeka kwa njira. Mu July 2024 chipupa cha ngalande ya Lancaster chinagumuka pa Hollowforth, kumpoto kwa Preston, ndipo panatsekedwa miyezi yambiri. Pa 1 January 2025 Bridgewater nayo inagumuka kufupi ndi Dunham Massey. Wa narrowboat zikatere nthawi zambiri amapeza njira ina yozungulira. Wa boti lotakata pa ngalande ya njira imodzi amangokhala mbali yomwe zamupezera, ngakhale malo othira dizilo kapena otulutsira boti atatsala mbali inayo. Ndipo chaka chilichonse kuyambira November mpaka March amatseka malo ena kuti akonze.

Achisale (Leicester):
Ndilankhulenso china chomwe mwina sichikoma kumva, bambo a Tadala musandikwiyire. Ife a narrowboat tili ndi dandaulo ndi maboti otakata akaikidwa pamalo osayenera. Pali ngalande zomwe ma lock ake ndi a mafiti 14 koma njira yake inakumbidwa poganizira ma narrowboat awiri oyenda motsatizana. Grand Union kumpoto kwa Milton Keynes ili choncho m'malo ambiri. Mu tunnel ya Blisworth ndi ya Braunston ma narrowboat awiri amapatukana bwinobwino, koma boti lotakata liyenera kupempha nthawi kwa Trust kuti aimitse ena onse, lidutse lokha. Likaima pa khona kapena pafupi ndi mlatho, anzake amakwera matope pofuna kulilambalala. Pa Trent and Mersey nakonso, ma lock otakata amathera pa Stenson, ukafika ku Burton wakumana ndi yopapatiza, koma anthu amaikabe maboti akuluakulu kumeneko. Sindikunena kuti eni ake ndi anthu oipa. Ambiri anagula osauzidwa.

Bambo a Tadala (Newbury):
Sindingakwiye madala, zambiri mwanenazi ndi zoona. Ndimaona nkhope za anthu ndikamatuluka pansi pa mlatho iwo akudikira. Koma tinene chilungamo mbali zonse. Kennet and Avon inamangidwira maboti otakata, Leeds and Liverpool chimodzimodzi, ndipo Lancaster yomwe tikukambayi inkayenda maboti a mafiti 14 onyamula malasha ndi miyala ya laimu. Pamenepo boti lotakata si mlendo. Komanso tikulipira. Kuyambira 2020 Trust inayamba kuwonjezera pa laisensi yathu, mpaka zinafika 10 peresenti kwa maboti opitirira mamita 2.16 ndi 20 peresenti kwa opitirira mamita 3.24. Mu 2023 analengeza kuti zikwera pang'onopang'ono kufika 25 ndi 50 peresenti pofika 2028, ndipo opanda malo okhazikika nawo awonjezeredwa mpaka 25 peresenti. Chomwe chimandipweteka ine n'chakuti wolipira kwambiri ndi yemwe ali ndi madzi ochepa oyendamo. A National Bargee Travellers Association, bungwe la anthu okhala m'maboti, akhala akutsutsa zowonjezera kwa oyenda osakhazikikazi, ndipo pa mfundo imeneyo ndili mbali yawo.

NaBanda, mafiti 12 ndi mamita 3.66, ndiye lanulo lili m'gulu lapamwambalo.

NaPhiri:
Izi za laisensi sindimazidziwa. Komabe ndikuona kuti tisawaopseze. Lendi ya chipinda chimodzi masiku ano ndi yoopsa kuposa zonsezi.

NaBanda (Preston):
Simukundiopseza ayi, bola kumva lero kusiyana n'kumva ndalama zitapita. Ndawawerengera bambo zonsezi ndipo akhala chete nthawi yaitali. Akufunsa kuti, ngati titalikondabe, tiyang'ane chiyani pa botilo?

Bambo a Tadala (Newbury):
Musapereke kanthu lisanatulutsidwe m'madzi n'kuyezedwa ndi surveyor wosankha inu, osati wa wogulitsa. Iye amayeza kukhuthala kwa chitsulo. Maboti ambiri amapangidwa ndi mamilimita 10 pansi, 6 m'mbali, ndipo dzimbiri likadya kwambiri a inshulansi amakana. Mufunsenso kuti analitulutsa liti kukalipaka phula, chifukwa zimenezi zimafunika zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, ndipo mufufuze kuti pa Lancaster ndi pati pomwe angathe kutulutsa boti la mafiti 12. Si malo onse ali ndi zida zonyamula kulemera kumeneko. Muone satifiketi ya Boat Safety Scheme, imakhala zaka 4. Dziwaninso kuti mortgage ya nyumba siigwira ntchito pa boti, ngongole yake ndi ina ndipo chiwongoladzanja chimakhala chokwera.

Pomaliza mupemphe kuliyendetsa. Lancaster ndi yosaya m'mbali, pansi pake pali ngati mbale, ndiye boti lotakata nthawi zina limakhudza pansi lisanafike pa gombe, n'kumatsikira pa thabwa. Muyese kuima malo awiri kapena atatu mudzionere nokha.

Achisale (Leicester):
Ndipo ngati mtima uli ku Milton Keynes, mukayang'ane maboti omwe ali kale pa Grand Union. Kumeneko kuli mtunda wautali wopanda lock, kuchokera ku Fenny Stratford mpaka ku Cosgrove, ndipo njira ya ku London ndi yotseguka. Kapena muganizire narrowboat ya mafiti 57. Ndi yothina, sindikana, anthu awiri amapatukana chammbali m'kanjira. Koma imapita pafupifupi paliponse pa mamailosi 2,000 a Trust. Mukafuna, bwerani kuno ku Leicester mudzagone usiku umodzi m'langali mumve mmene zimakhalira. Ufa ulipo, tidzaphika nsima pa mbaula.

Jere wa ku Leeds:
Mukamafunsa mtengo wa lole, mufunse wa kireni ziwiri, yonyamula ndi yotsitsa, komanso ngati padzafunike galimoto yoperekeza chifukwa cha kutakata kwa katunduyo. Mtengo umenewo muuchotse pa zomwe mupereke kwa wogulitsa.

NaBanda (Preston):
Zikomo nonse, mwandithandiza ngati abale enieni. Tagwirizana kuti sitipereka dipoziti sabata ino. Mawa ndiimbira a marina kufunsa ngati malowo ndi okhalamo mwalamulo komanso ngati angawalembe m'dzina lathu. Bambo afunsa makampani awiri a lole mtengo wochokera ku Garstang kupita ku Milton Keynes. Achisale, za kudzagona m'boti lanu tazilandira ndi manja awiri. Ndili pa tchuthi sabata yachiwiri ya mwezi wamawa, kodi nthawi imeneyo mudzakhala mutaima pati?

Achisale (Leicester):
Masiku anga 14 pano atha Lachinayi, ndiye ndidzakhala ndasuntha. Nthawi imeneyo ndidzakhala cha ku Market Harborough. Mubwere m'mawa, tidzakwere limodzi ma lock a ku Foxton, mudzaone kupapatiza kwake ndi maso anu. Mubwere ndi nsapato zosaterera.